Diso Limodzi la a Sindikhalitsa

Chatha chaka chiwaikireni m'manda atsibweni anga a Mulepa. Loweruka lapitali tinakumana pakhomo pawo, kufupi ndi Mbulumbuzi, kuti tikambirane za chiliza. Za njerwa ndi simenti tinamvana msanga. Pomwe zinavuta ndi pa chithunzi choti chiikidwe pamwalapo.

Ana awo ankafuna chithunzi chakale, chomwe anajambulitsa ku Limbe akadali ndi mphamvu, atavala jekete, maso onse awiri ali bwinobwino. Mayi anga, omwe ndi mlongo wawo wamng'ono, anakana. Anati anthu a masiku ano akadzaima pamandapo adzafunsana kuti wagona apa ndani, chifukwa a Mulepa omwe akuwadziwa ndi aja a diso limodzi loyera ngati mkaka. Mawu anakwera. Msuweni wanga Esinati, mwana wawo womaliza, analira, nati sangalole kuti bambo ake asekedwe mpaka kumanda. Nthawi yonseyi mayi ake, Anambewe, ankangosenda nandolo m'lichero. Atatopa nafe anangoti, "Diso lijali sanabadwe nalo. Analipeza okha. Musawabisire."

Tinabalalika nkhaniyo isanathe. Ine chibwerereni ku Limbe mtima sukukhala pansi. Ndikati ndisoke pang'ono, ndikungopezeka ndasiya makina ndaima pakhomo. Mwina ndi magazi, pakuti mwiniwakeyo kukhala sankakudziwa.

Dzina lawo la ubatizo linalipo, koma kuyambira ku Mbulumbuzi mpaka kwathu cha ku Mikolongwe ankadziwika kuti a Sindikhalitsa. Akafika pakhomo n'kuodira, mawu otsatira anali amenewo. Ukawapatsa mpando ankaikapo chipewa, iwo n'kutsamira nsanamira ya khonde. Chinangwa chophika ankadya choimirira. Kalongonda ankamuthira m'dzanja n'kumatafuna akuzungulira nkhokwe, uku akufunsa za mwana wodwala, za denga lodontha, za mkamwini amene wayamba kuledzera. Usanamalize kuyankha, iwo aona kale kachitsamba kuseri kwa khola ndipo apita kukakanunkhiza. Anakwatira chikamwini kwa Anambewe, koma pokhala mwinimbumba kwathu, moyo wawo unathera panjira ya pakati pa midzi iwiriyi. Njinga anali nayo, koma kawirikawiri ankangoikankha. Ankati wokwera njinga amadutsa mankhwala ake osawaona. M'tchalitchi ankakhala benchi la kukhomo, ndipo ulaliki ukatalika unkangowaonera pawindo ali panja, akukanda khungwa la mtengo ndi chikhadabo.

Imfanso inawapeza panjira. Amayi opita kuchigayo ndiwo anawaona m'mawa atagona chammbali m'kanjira kodutsa m'munda wa nandolo, njinga itawagwera pamiyendo. Mphekesera zinayenda kuti analawa muzu woipa, chifukwa m'kamwa munali kakhungwa. Koma khungwa linkakhala m'kamwa mwawo tsiku lililonse. Achipatala anati unali mtima. M'thumba la jekete munapezeka timizu touma, mpeni, ndi kapepala ka mapilitsi a kuthamanga kwa magazi omwe ankakalandira mwezi ndi mwezi. Amene anawadziwa kale okha anagwira pakamwa ataona mapilitsiwo, chifukwa a Mulepa a nthawi imeneyo ankatuma ena kuchipatala koma iwo eni sankapondako.

Sankalola kutchedwa sing'anga. Ula sankaombeza, zithumwa sankamanga, ndipo wobwera kudzafunsa amene wamulodza ankauzidwa kuti wasochera khomo. Ankati iwo amadziwa mitengo basi, monga mmisiri amadziwira matabwa. Anaphunzira kwa atsibweni awo, omwe makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo zitsamba zina ankazidziwa mayina m'Chilomwe chokha. Wotsekula m'mimba ankamuwiritsira masamba a gwafa, wa chimfine ankamufukiza bulugamu ndi mpungabwi, wofooka ankamuuza athire chammwamba m'phala. Koma asanapereke kanthu ankafunsa mpaka wodwala kutopa. Ngati ndi mayi, ankafuna kudziwa ngati ali woyembekezera, ndipo woyembekezera sankamupatsa chowawa chilichonse. Mwana wotentha thupi ankati ayambe wakayezedwa malungo. M'zaka zomwe mankhwala otalikitsa moyo anafika m'boma lathu n'kuyamba kudzutsa anthu amene tinali titawalira kale, iwo ankalimbikitsa odwala awo kuti asasiye mapilitsi. Ankakananso kuwapatsa mizu yamphamvu, ati sakudziwa kuti muzu ndi pilitsi zikakumana m'mimba zimakambirana zotani.

Lamulo lawo lalikulu linali lakuti chilichonse chachilendo chiyambe chadutsa m'thupi mwawo. Ankati mtengo sunena kuti basi zakwana, ndipo umene wachiza ndi womwewo umene umapha, kusiyana kwake n'pamuyeso. Muyeso wawo unali chotsekera cha botolo. Mayi anga anaphunzira zimenezi movutikira. Anapatsidwa mankhwala a m'mimba kuti azimwa chotsekera chimodzi m'mawa, koma pofuna kuchira msanga kuti akakolole, anamwa kapu yodzaza. Anasanza mpaka kukomoka. Atsibweni atamva anabwera akuthamanga, anawamwetsa madzi, anawaperekeza kuchipatala, ndipo atangoona kuti achira anawakalipira m'Chilomwe pamaso pa ife ana. Kuchokera pamenepo mankhwala a mayi ankasungitsa kwa ine, ngati mayiwo ndi khanda.

Mikangano inali chakudya chawo. Anakangana ndi anyamata ootcha njerwa omwe anadula mvunguti wa kudambo, mpaka anakakhala pachitsa chake akutukwana, ndipo ena amati ndi tsiku lokhalo anawaonapo atakhala pansi panja. Anakangana ndi mkulu wina wa mpingo amene analalikira kuti mizu ndi ya akunja, kenaka n'kudzalowera kuseri kudzapempha gondolosi. Anamupatsa, koma Lamlungu lotsatira anamufunsa mokweza pabwalo la tchalitchi ngati kunyumba kwacha bwino. Omwe ankawadana nawo kwambiri anali ogulitsa mankhwala a m'mabotolo pamsika wa pa Boma, aja amaika chimkuzamawu n'kumalengeza kuti botolo limodzi limachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, nyamakazi ndi kusabereka. Ankaima patsogolo pa gulu n'kufunsa wogulitsayo dzina la mtengo, komwe anaukumba, ndi kuti amwe kaye yekha anthu akuona. Kangapo konse anakankhidwa. Ulendo wina anabwera kwathu malaya atang'ambika, akuseka, ati lero ndagulitsa mawu.

Koma munthu wosamala chotereyu anali ndi malo amodzi pomwe sankamva za wina aliyense. Anali maso.

Mbiri yawo inakwera chifukwa cha mankhwala a maso. Panali tsamba lina lomwe ankalitikita m'manja, n'kupinda tsamba la nthochi kuti likhale ndi kamlomo kosongoka, n'kudonthezera madziwo m'diso la wodwala. Anthu ankachokera kutali, ena cha ku Phalombe, atabereka ana otupa maso. Tonse a m'banjamo tinadonthezedwapo. Kunkalasa ngati tsabola, ukalira n'kulira, patapita masiku maso n'kuyera. Ngati anayera chifukwa cha tsambalo kapena akanayera okha, palibe ankafunsa. Iwo ankanyadira. Ankati m'mimba ndi m'chifuwa achipatala akudziwa, koma diso ndi lawo. Ankakhulupiriranso zomwe anthu ankanena, zoti kuchipatala amakolowola diso n'kuikamo la mbuzi.

Ndiye Anambewe anayamba ng'ala. Poyamba ankangoti kunja kuli nkhungu, kenaka anasiya kuzindikira anthu kufikira atalankhula. Anasiya kupita kumunda. Anapsa dzanja pophika. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo anabwera kangapo kudzanena kuti ng'ala imachotsedwa, ndipo munthu amaonanso. Atsibweni anamuthamangitsa. Anati mkazi wa Mulepa sangagonekedwe pa tebulo n'kubooledwa diso mwamuna wake ali moyo. Anayesa tsamba lawo lija, osathandiza. Anayesa lina. Zaka zinapita, Anambewe akuyenda chopapasa makoma, ndipo mayi anga akati alankhulepo ankauzidwa kuti za m'nyumba ya mwini sizikuwakhudza. Kenaka nkhungu ija inayamba kulowa m'diso lawo lakumanzere iwo eni.

Anasowa masiku angapo. Tinamva pambuyo pake kuti anapita kumalire, cha ku Muloza, kwa munthu wina amene anawauza za kachitsamba kotulutsa mkaka komwe akuti kamasungunula ng'ala. Anabwera nako ali ndi chimwemwe cha mwana. Zomwe zinachitika tsiku limenelo anandiuza ndi Anambewe.

Unali usana. Anayala mphasa pakhonde, nawauza akazi awo kuti agone chagada, mutu pamwendo pawo. Anambewe anagona. Anali atatopa ndi mdima moti akanalola chilichonse. Anamva zala zikutsegula chikope, anamva fungo la tsamba la nthochi pafupi ndi mphuno, anadikira kulasa kuja. Sikunabwere.

"Tadzukani," anatero atsibweni. "Ndiyambe ine."

Anambewe anadandaula kuti iwo ndiwo avutika nthawi yaitali, koma atsibweni anali atadzuka kale. Anadonthezera m'diso lawo lakumanzere. Sanalire. Anangopuma mwamphamvu ngati ng'ombe, nazungulira nyumba kangapo, nati kuwawako ndiye kugwira ntchito kwake. M'mawa mwake anadonthezanso, ndipo anabwerezanso tsiku linalo. Anambewe akafunsa kuti nthawi yawo ifika liti, ankayankhidwa kuti adikire.

Munthu wosaona amamva zambiri. Anambewe anazindikira kuti njinga sikutuluka. Anazindikira kuti mwamuna amene sankapezeka pakhomo dzuwa likatuluka wagona kuchipinda masana, chitseko chotseka, nsalu pawindo. Kenaka anamva fungo. Anapapasa mpaka pabedi, nagwira nkhope, napeza chikope chatupa ngati dzira, mafinya akuyenderera patsaya. Atsibweni anawakankha dzanja n'kuwaopseza kuti asauze munthu. Anambewe anatuluka, naima pabwalo, naitana Esinati ndi mawu omwe mudzi wonse unamva.

Esinati anaimbira mayi anga, mayi anaimbira ine. Pamene ndinkafika n'kuti atsibweni atadzitsekera, akukana kutuluka. Mayi anga, omwe moyo wawo wonse ankaopa achimwene awo, anamenya chitseko ndi mpini wa khasu. Anawauza kuti akafuna kufa afe, koma asafere m'nyumba ya mkazi amene amusunga mumdima. Chitseko chinatseguka. Ndinali ndisanawaonepo atawerama chotero. Tinawakweza kabaza mpaka kuchipatala chaching'ono, kumeneko anatitumiza pa Boma, ndipo pa Boma anati zimenezi n'za ku Blantyre.

Dokotala wa maso sanakalipe. Anafunsa chomwe chinathiridwamo ndi masiku ake, atsibweni nayankha zonse mosabisa, ngati akufotokoza za wodwala wina. Dokotalayo anati ng'ala inali yosavuta kuchotsa, koma chomwe chapsa ndi khungu lowala la pamwamba pa diso, ndipo limenelo silibwerera. Anati ayesetsa kuti chilondacho chipole, koma diso limenelo kuona ndiye kwatha.

Anawagoneka m'chipatalamo. Ine ndinkapita ndi chakudya pochokera kuntchito. Munthu yemwe ankadya choimirira ankangoyang'ana mbale. M'chipindamo munali nkhalamba zina zomwe zinachotsedwa ng'ala, ndipo m'mawa uliwonse wina akamasulidwa bandeji ankayamba kuwerenga zala zake, kuseka, kutchula mtundu wa chitenje cha mkazi wake. Atsibweni ankawayang'anitsitsa ndi diso lotsalalo. Anapempha mmodzi kuti ayandikire, namutsegula chikope, nasuzumira nthawi yaitali kufunafuna diso la mbuzi. Tsiku lina ndikulongedza mbale anandigwira mkono.

"Iwe, ndinali nditawagoneka kale pamwendo," anatero. "Dontho linali kunsonga."

Ndinati koma simunawathire, atsibweni. Iwo anapukusa mutu nati si nzeru zomwe zinawaletsa. Chinali chizolowezi chabe cholawa kaye, ndipo tsiku limenelo anatsala pang'ono kuchiswa chifukwa anali otsimikiza kwambiri. Anati munthu amaopsa akakhala wotsimikiza.

Atangotulutsidwa, asanapole n'komwe, anakatenga Anambewe. Anawagwira dzanja kuchoka pakhomo mpaka pamsewu, nakwera nawo minibasi, nawasiya m'manja mwa dokotala yemwe uja. Ine ndinalipo tsiku lomasula bandeji. Anambewe anaphethira, nayang'ana denga, nayang'ana manja awo omwe anali ndi chipsera cha moto. Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wawo. Kanali koyamba kuwaona patapita zaka, ndipo anaona tsitsi loyera lomwe sankalidziwa ndi diso lomwe linali litayamba kale kuchita mkaka. Ndinkayembekezera misozi. Anambewe anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndiye kanthu kake n'komweka? Zaka zonse zija ndimapapasa makoma chifukwa cha komweka?"

Atsibweni anangoweramitsa mutu. Aliyense amene anawadziwa angamvetse kukula kwa zimenezo.

Anambewe atabwerera kumudzi anatenga mphasa ndi miphika yawo n'kusamukira m'nyumba ya Esinati. Ankalima munda wawo okha, mosangalala ngati mtsikana, akuimba, koma mwamuna wawo akadutsa ankayang'ana kumbali. Ankhoswe anayesa kulowererapo, iwo nati sanathetse banja, akungofuna kuona zinthu zina kaye. Atsibweni ankadziphikira okha. Ankasiya nkhuni pakhomo pa Esinati, nthawi zina nsomba zouma, osagogoda. Zinatenga dzinja lonse. Nthawi yokolola Anambewe anabwerera okha, nanena kuti abwera chifukwa nkhuku zawo zikuonda. Mawu akuti ndakhululuka sindinawamvepo, ndipo ndikukayika ngati ananenedwa. Patapita nthawi diso lakumanja la atsibweni linachitanso ng'ala, ndipo ulendo uno Anambewe ndiwo anawagwira dzanja.

Kachitsamba ka ku Muloza kaja anali atakadzala kuseri kwa bafa. Anakazula, nakatentha, ndipo dzina lake sanauze munthu mpaka imfa. Koma sanalekere pamenepo. Analeka kudontheza chilichonse m'diso la munthu, ngakhale tsamba lija linawapatsa mbiri. Mankhwala a m'mimba ndi a chifuwa anapitiriza, koma wa maso akabwera ankamuimitsa pabwalo, n'kutsitsa chikope chawo ndi chala kuti aone bwinobwino. Ankati m'mimba muli khomo lotulukira, choipa ukhoza kuchisanza, koma diso lilibe. Ankatero pachigayo, pamaliro, pamjigo, kulikonse komwe apeza mayi ali ndi mwana wa manthongo. Ana ankathawa. Ena ankawatcha a Diso la Nsomba. Iwo sankasamala, mwinanso ankafuna kuti aziopedwa.

Chiyeso chinabwera chaka chomwe matenda a maso ofiira anabuka. Ankayenda nyumba ndi nyumba, sukulu yonse ana akutikita maso. Anthu anadzaza pakhomo pa atsibweni kuyambira m'mawa. Onse anawabweza, akuwauza kuti asambe m'manja, asabwerekane nsalu yopukutira, atsuke maso ndi madzi oyera, ndipo zikapitirira apite kuchipatala. Anthu anakwiya. Ena anati akukaniza mankhwala chifukwa cha kaduka, poti lawo linafa akufuna a anzawo afenso. Ena anati achipatala anawagula.

Tadala, mwana wa Esinati, anali asanayambe kuyenda. Anadzuka maso atamatana, akulira kosalekeza. Esinati tsambalo ankalidziwa kuyambira ali mwana, ndipo ankadziwa pomwe limamera. Anadikira kuti bambo ake atuluke, nakalithyola, nakhala kuseri kwa nyumba mwana ali pamwendo. Koma a Sindikhalitsa anali munthu wosadziwika pobwerera. Anatulukira pakona ya nyumba ataiwala chipewa, naona tsamba la nthochi lopindidwa m'dzanja la mwana wawo. Anaponya njinga pansi nalimenya tsambalo mpaka linakagwera m'khola.

Esinati anaimirira. Sanali munthu woyankha bambo ake, koma tsiku limenelo anayankha.

"Ababa, si inu munandithira ine tsamba lomweli? Si ine ndikukuonani pano?"

"Ukundiona," anatero. "Koma ngati ndinakuchiza kapena unangopulumuka, sindikudziwa. Omwe sanabwerenso kudzathokoza aja, sindinawatsatire kuti ndikaone maso awo."

Esinati anati chipatala chili kutali, mzere ndi wautali, ndipo mwana akuvutika pompano. Iwo sanatsutse. Anatola chitenje chomwe chinali pachingwe, nanyamula mwanayo, namubereka kumbuyo okha, mfundo ili pachifuwa ngati mayi. Nkhalamba ya imvi, diso limodzi, mwana akulira kumsana, inadutsa pakati pa mudzi dzuwa lili pamutu. Amayi pamjigo anaseka. Anyamata pa bawo anaimba mluzu. Esinati ankatsatira pambuyo akulira ndi manyazi, Anambewe pambuyo pake atanyamula nsapato za mwamuna wawo zomwe anazisiya pothamanga. Kuchipatala anamutsuka mwanayo maso, namupatsa mankhwala opaka, ndipo patapita masiku anachira. Esinati sanalankhule ndi bambo ake mpaka matendawo atatha m'mudzimo.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, koma sinathere pamenepa. Mwa anthu omwe anabwezedwa masiku amenewo munali mayi wina wa kutsidya kwa mtsinje, yemwe anabwera ndi mtsikana wake wa sukulu. Atakanizidwa sanapite kuchipatala. Anapita kwa munthu wina amene anamuthira mtsikanayo zinthu zomwe mpaka lero sitikuzidziwa, ndipo diso limodzi linawonongeka. Mayiyo anabweranso, mwana ali kudzanja, naima pabwalo pa atsibweni. Sanatukwane. Anati akanapatsidwa tsamba lija, lomwe iyenso anathiridwapo ali mwana, sakanapita kwinako. Anati mwana wanga mwamupha diso ndinu, ndi kukana kwanu.

Zimenezi zinawadya kuposa diso lawo. Anabwera kwathu kudzafunsa mayi anga ngati mayi uja ananena zoona. Mayi anati ayi. Anapita kwa mlangizi wa zaumoyo yemwe anamuthamangitsa uja, naye anati ayi. Anabwera mpaka ku Limbe kudzandifunsa ine, munthu wosoka madiresi, ataima pakhomo pa shopu osalowa. Ndinati sanalakwe. Anandiyang'ana ngati ndayankha msanga kwambiri. Anati kukana n'kosavuta, wokana amagona tulo, koma munthu amene wamubweza amakhala akadali ndi ululu wake ndipo apita nawo kwinakwake. Anati anayenera kumuperekeza mayi uja monga anachitira ndi Tadala, koma sanatero chifukwa sanali magazi awo.

Tsambalo sanabwerere nalo. Koma kuyambira pamenepo, wa maso akabwera sankangomubweza. Ankasiya chomwe akuchita n'kuyenda naye mpaka pakhomo pa chipatala, nthawi zina wodwalayo ali panjinga iwo akukankha. Wokana kuperekezedwa ankamutsatira kunyumba tsiku lotsatira. Miyendo inali itayamba kutupa, kupuma kukuvuta, Anambewe akuwakalipira kuti adzafera m'njira, koma sankamva. Mtsikana wa kutsidya uja ankamuyendera kawirikawiri, ngakhale mayi ake sankawapatsa moni. Amayi omwe anawapeza m'munda wa nandolo aja amati njinga inali italoza kutsidya.

Loweruka lija, anthu atabalalika, ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Kumeneko kuli chisakasa cha udzu chomwe ankaumitsiramo mankhwala. Denga lagwa mbali imodzi, chiswe chakwera nsanamira. Zingwe zomwe ankapachikapo mitolo zikulendewera zopanda kanthu. Anambewe anandiuza kuti mitoloyo anaitentha yonse patangotha mwezi chichitikireni maliro, chifukwa panalibe wodziwa kuti uwu ndi uti, ndipo anthu anali atayamba kubwera kudzapempha kuti angowapatsako uliwonse. Phulusa lake linasiya bwalo lakuda pomwe udzu sunamerebe. Mtondo waung'ono wosinjira mizu wavundikiridwa pakona, ndipo nkhuku yaikira mazira pambali pake.

Kumunsi kwa chisakasacho, m'mbali mwa ngalande, muli mzere wa mitengo yomwe atsibweni anadzala ataona kuti m'phiri yatha. Yambiri ikukula bwino popanda woiyang'anira. Koma wa kumapeto, muwawani wamtali kufika padenga, wina wakhala akubwera mobisa kudzausenda khungwa. Wasenda kuzungulira thunthu lonse, osasiya ngakhale kamzere koti madzi azikwerera, ndipo masamba a kunsonga ayamba kufota. Ndinapeza pachilondapo pamatidwa dothi lonyowa, lomangidwa ndi luzi. Zala zinali zikuonekabe padothipo. Ndinafunsa Anambewe ngati mtengo wosendedwa chotero umachira. Anati sakudziwa, wodziwa anapita. Kenaka anatenga ndowa n'kutsikira kungalande kukatunga madzi ena, chifukwa dothilo linali litayamba kung'aluka.